Masekondi 14 oyambirira: momwe tikukonzera malonje a podcast yathu ya nthabwala

Loweruka, 8 Novembala

Magawo atatu oyamba a podcast yathu, yomwe ili ngati pulogalamu ya pawailesi yomvera pafoni, tinajambula kale mwezi watha ndipo angokhala mu laputopu. Chikutiletsa kuwatulutsa ndi chinthu chooneka chaching'ono: tilibe malonje, kanyimbo ndi mawu otsegulira gawo lililonse. Munthu akatsegula fayilo amangogwera pakati pa mkangano wa achimwene ndi alamu, osadziwa kuti akulankhula ndani, ali kuti, nanga akulimbirana chiyani. Zikukhala ngati mlendo wangofika kumene, asanalandiridwe n'katundu yemwe, eni nyumba ayamba kale kumufotokozera milandu ya pamudzi.

Kwa amene simuwadziwa, achimwene ndi atelala, amasoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Alamu ali ndi benchi ya tomato ndi anyezi mumsika. Papita zaka anthu akusonkhana madzulo pakhonde pathu kuno ku Zingwangwa kudzamvera awiriwa akutsutsana za kukwera kwa zinthu, za zinkhoswe, za ndiwo za pamaliro, za kondakitala amene amaiwala dala chenji. Ine gawo langa ndi makina. Ndili ndi laputopu yakale, maiki imodzi yolumikiza pa USB, mahedifoni, ndi pulogalamu yaulere yojambulira ndi kukonzera mawu yotchedwa Audacity.

Lero ndalemba papepala momwe ndikufunira kuti chiyambi chikhalire. Masekondi 45 onse pamodzi: nyimbo masekondi 20, mawu okhuthala ngati a muulutsi wa pawailesi otchula dzina la podcast, nthabwala imodzi yamphamvu yoti munthu aseke asanapite patali, kuseka kwa gulu, kenaka nyimbo izitsika pang'onopang'ono. Dzinalo sindilitchula kuno mpaka tsiku lotulutsa. Tapangana kuti zonse zithe Khirisimasi isanafike, chifukwa nthawi imeneyo anthu amakhala maola ambiri m'mabasi, ena akuchokera ku Joni, ndipo foni ndiyo imawasungulutsa panjira.

Lachiwiri, 11 Novembala

Nkhani ya nyimbo yatidyera madzulo onse. Alamu anabwera ndi nyimbo ina yotchuka yomwe ikulira m'minibasi iliyonse masiku ano.

"Mlamu, tingobenthulako pang'ono, masekondi khumi okha. Adandaule ndani?"

"Alamu, munthu atatenga tomato mmodzi yekha pabenchi panu n'kunena kuti ndi mmodzi yekha, mungamusiye?"

Anaseka, koma anamva. Nyimbo ili ndi mwini. Kuno kwathu kuli lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likutolera ndalama za oyimba ndi olemba kuyambira 1992. Komanso YouTube ili ndi makina ake otchedwa Content ID omwe amazindikira nyimbo za eni zomwe zinalembetsedwa kumeneko, ndipo chinthu chomwe chikhale kumayambiriro kwa gawo lililonse sichiyenera kukhala choti tsiku lina tidzauzidwe kuti tichichotse. Koma ngakhale malamulowo pakanapanda, woyimba wa kuno amavutika ngati ife tomwe. Sindikufuna kuti kuseka kwathu kuyambire pa thukuta la mnzathu lomwe sitinalipire.

Ndinayesa nyimbo zaulere za pa intaneti. Ndamvera pafupifupi makumi atatu. Zojambulidwa bwino zedi, koma iliyonse ukaiyika kutsogolo kwa mawu a achimwene imakhala ngati jekete yobwereka. Sizikununkhira kwathu.

Ndiye ndakumbukira mnyamata wina amene amayimba babatoni m'mbali mwa msewu kufupi ndi msika. Babatoni ndi besi yopanga pamanja: mtengo wautali, waya mmodzi, ndi ng'oma yokuta ndi chikopa kumunsi yokuzira mawu. Woyimba amamenya wayayo ndi kamtengo, dzanja linalo likutsetsereza botolo kuti mawu akwere kapena atsike. Ndi chida chomwe Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anachitchukitsa mpaka kunja. Mawu ake ali ndi kanthu kena koseketsa mwa iwo okha, amagwedera ngati munthu wonenepa akuthamangira basi. Mnyamatayo wavomera. Talemberana papepala kuti timulipira kamodzi, dzina lake lizilembedwa pansi pa gawo lililonse, ndipo kanyimboko kakhalabe kake, atha kukayimba kulikonse.

Loweruka, 15 Novembala

Tsiku lojambula. Chipinda changa n'cha simenti pansi, makoma opanda kanthu, denga la malata lopanda siling'i. Ndinaomba m'manja kamodzi ndipo mawu anabwerera ngati ndili mumgolo. Tinaimika matilesi kukhoma, tinapachika mabulangete awiri pachingwe choyanikira zovala, n'kutsegula wadirobu kuti wolankhula ayang'ane ku zovala. Nditaombanso m'manja, mawu anafera pomwepo. Vuto ndi kutentha. Novembala uno, m'kati mwa mabulangete, munthu sapirira kupitirira mphindi 20, ndiye timajambula pang'ono, kutuluka, kumwa madzi, kubwereranso.

Kenaka m'mahedifoni munayamba kumveka kulira kwapansipansi kosalekeza, kwa "mmmm". Ndinasuntha maiki, ndinasintha chingwe, osatheka. Nditazula chaja ya laputopu kunangoti zii. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo chaja yotchipa imalowetsa kulira kumeneko mpaka m'maiki. Kuyambira lero tizijambula pa batire basi, lomwe limatipatsa ola limodzi ndi theka.

Chinthu china chomwe sindinachiganizirepo mpaka lero: Chichewa chili ndi mpweya wambiri. Phiri, thumba, khasu, mphika, nkhuku. Alamu akati "phwetekere" mzere wa mawu pakompyuta umadumpha mpaka kumwamba, ndipo m'makutu zimamveka ngati wina wamenya maiki ndi chibakera. Achimwene anangoyang'ana, n'kutenga hang'ala ya waya, kuipinda mozungulira, n'kusokerapo kansalu kopyapyala ka sitokoni yakale. Sizinathe mphindi khumi. Tinaimika kansaluko pakati pa kamwa ndi maiki, motalikira chikhatho chimodzi, ndipo zibakera zija zinatha.

Tisanayambe kulankhula ndimajambula masekondi khumi a chete, kuti Noise Reduction, mbali ya Audacity yochotsera phokoso, idziwe phokoso la chipindacho n'kulichotsa. Ndaphunzira kuti ukaikweza kwambiri mawu a munthu amamveka ngati akulankhulira pansi pa madzi, ndiye bola kusiyako kaphokoso pang'ono. Zonse ndikusunga ngati WAV, mtundu wa fayilo wosafinya mawu, mpaka pomaliza.

Nthawi yabwino yojambulira kuno ndi kuyambira 9 koloko mpaka 10 usiku. Masana chigayo chimalira, madzulo kwaya ya kutchalitchi chapafupi imakhala ikuphunzira nyimbo, ndipo ikakwana 10 agalu amayamba.

Lachitatu, 19 Novembala

Chiyambi choyamba chatha, masekondi 43, ndipo sichikugwira ntchito. Ndilemba zonse mwatsatanetsatane chifukwa apa ndi pamene ndaphunzira zambiri.

Lamulungu ndinachilumikiza ku magawo atatu aja n'kutumiza pa WhatsApp kwa anthu asanu ndi awiri, gawo limodzi tsiku lililonse. Tsiku loyamba onse anayamikira. Nthabwala ya achimwene yomwe tinaika m'chiyambimo, ya munthu amene anapita kukagula mafuta ophikira a m'kachubu n'kupempha kuti amuyikire m'thumba la jumbo kuti aneba aone, inawaseketsa. Tsiku lachiwiri anayankha anthu atatu okha. Dzulo ndinakhala pafupi ndi msuweni wanga akutsegula gawo lachitatu. Babatoni itangolira, chala chake chinapita pafoni n'kukankhira kutsogolo, osayang'ana n'komwe. Sanachite mwachipongwe, mwina sanadziwenso kuti wachita. Pa Spotify batani lolumphira limadumpha masekondi 15, ndiye kumeneko chiyambi chathu chikanakhala cha kudina katatu.

Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Za jumbo zija ndinazimva kale."

Mawu amenewa ndagona nawo. Nthabwala imakhala ndi moyo chifukwa womvera sakudziwa komwe ikupita. Chiyambi cha podcast ndi chinthu chomwe munthu yemweyo adzachimva sabata ndi sabata, mwina maulendo 50 pachaka. Zinthu ziwirizi sizingakhale m'thumba limodzi. Ine ndinatenga nthabwala yabwino kwambiri ya achimwene n'kuiyika pamalo pomwe ikuyenera kufa pofika tsiku lachitatu, ndipo ikafa imanunkhitsa zonse zobwera pambuyo pake, chifukwa womvera amalowa m'gawolo atatopa kale.

Ndakhala ndikuganiza za Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi amene anatisiya mu 2021. Amene tinawaonerapo ndi gulu la Kwathu ku French Cultural Centre kuno ku Blantyre tikukumbuka kuti anthu ankayamba kuseka awiriwo akungotulukira, asanatsegule pakamwa. Sankafunika kutsimikizira munthu kuti ndi oseketsa. Kungowaona, thupi linkadziwa kuti nthawi yakwana, n'kumasuka. Ntchito ya malonje ndi imeneyo, kumasula munthu kuti akhale pansi. Kuseketsako ndi kwa achimwene ndi alamu akayamba kukangana, ndipo amatha okha popanda ine kuwathandiza.

Vuto lachiwiri ndi la dzina. M'dzina la podcast yathu muli mawu oti "mtengo", kutanthauza mtengo wa katundu, poti nkhani zawo zambiri n'za kukwera kwa zinthu. Tinaganiza zoti dzinalo liyimbidwe motsatira babatoni. Koma kanyimboko kamakwera pa "te", ndipo m'Chichewa ukakweza mawu pa "te" watchula mtengo wa m'nkhalango. Anthu awiri mwa asanu ndi awiri aja anafunsa ngati ndi pulogalamu ya zachilengedwe. Polemba mawu awiriwa ndi amodzi, koma khutu la Mchewa silisokoneza, limamva zomwe wanena osati zomwe umafuna kunena. Dzina lizingonenedwa, lisayimbidwe.

Mawu a muulutsi aja ndawachotsanso. Anali anga, nditawakhuthalitsa ndi makina, ndipo ankalonjeza pulogalamu ya mu situdiyo pomwe chomwe tili nacho ndi khonde.

Lamulungu, 23 Novembala

Ndinapita kumudzi ku Chiradzulu kukasiya feteleza kwa amayi, poti mvula yayandikira. Sindinapitire za podcast, koma madzulo titakhala pamphasa anandifunsa chomwe chikundisowetsa mtendere. Ndinawauza kuti ndi wailesi ya pafoni ya ana awo, n'kuwayatsira chiyambi chija. Anagwira foni ndi manja awiri, kuiyandikitsa kukhutu, n'kumvera mpaka kumapeto osaseka.

"Mwanawe, kodi anthuwa akulankhula ndi yani?"

"Ndi omvera, amayi."

"Nanga omverawo ayankha pati?"

Ndinalibe choyankha. Ndinayamba kufotokoza kuti pa podcast womvera sayankha, amangomvera, koma iwo anali atabweza kale foni n'kuyamba kusenda nandolo. Patapita kanthawi, mdima utagwa, adzukulu awo anayi ali uku ndi uku, wina akusewera ndi galu, wina akulira chifukwa cha chitsulo cha botolo chomwe mnzake anamulanda, amayi anangokweza mawu pang'ono, maso ali pa lichero.

"Padangokhala!"

"Tili tonse!"

Onse anayi, pamodzi, ngakhale wolira uja, misozi idakali pamasaya. Ndipo pakamwa panga panatulukanso mawu omwewo ndisanaganize, ine munthu wa ndevu amene ndinasiya kumvera nthano zaka zoposa 20 zapitazo. Ana aja anasiya zomwe ankachita n'kudzakhala pamphasa. Amayi sanandiyang'ane, anangopitiriza nthano yawo ya kalulu, ndipo pakutha pa chiganizo chilichonse ana ankavomera kuti tili tonse.

Ndakhala masabata awiri ndikumvera ziyambi za ma podcast a kunja kuti ndione momwe amachitira, pomwe malonje abwino kuposa onsewo ndinakula nawo. Mawu amenewa ananenedwa kambirimbiri m'mudzi uliwonse, ena amati "Panangokhala", koma palibe amene anatopa nawo. Chifukwa chake n'chakuti sayesa kudabwitsa munthu. Amamupatsa ntchito. Wonena nthano sangapitirire ngati omvera sanavomere, ndiye womvera amadziwa kuti nkhaniyo ikumudikira iyeyo. N'chimodzimodzi ndi zilape, wina akati "Ndagi!" anzake n'kuti "Gize!" Kubwerezabwereza komwe kunapha nthabwala ya jumbo ndi komwe kumapatsa mphamvu mawu awa, poti ukawamva kawirikawiri m'pamene pakamwa pamayankha msanga.

Usiku womwewo ndinalemba dongosolo latsopano kuseri kwa lisiti ya feteleza. Babatoni imenye kanayi. Achimwene: "Padangokhala!" Kampata. Gulu: "Tili tonse!" Alamu atchule dzina la podcast ndi mayina awo awiri. Kenaka chiganizo chimodzi chomwe chizisintha sabata iliyonse, chotsegulira nkhani ya tsikulo monga momwe nthano imayambira, gulu livomerenso, basi alowe mumkangano.

Lachinayi, 27 Novembala

Achimwene poyamba anakana. "Mphwanga, anthu aziti ndi pulogalamu ya ana." Nkhawa yawo ndi yomveka, ndipo sindinaipeputse. Tinagwirizana kuti chiganizo chosintha chija ndicho chizionetsa msanga kuti nkhani ndi za akuluakulu. Anayesa pomwepo: "Padali bambo wina amene anakwera minibasi ya m'mamawa ndi ndalama yaikulu, kondakitala alibe chenji." Alamu anavomera kuti tili tonse ndi mawu achisoni ngati ali pamaliro, ndipo tonse tinagwa nako kuseka. Nthabwala yapeza malo ake. Ili m'chiganizo chomwe womvera sanachimvepo, chokhala m'kati mwa mawu omwe amawadziwa kuyambira ali mwana.

Zinthu ziwiri takana. Choyamba ndi kuseka kojambulidwa kale komwe ndinatsitsa pa intaneti. Ndi kuseka kwa anthu a kwina m'holo yaikulu, ndipo sikufanana ndi chikhakhali cha pakhonde, chomwe chimakhala ndi kuomba m'manja ndi wina wofuula kuti "mayo ine nthiti zanga". Chachiwiri, mnzathu wina anati tiikemo ng'oma za Gule Wamkulu kuti chiyambi chimveke chachikhalidwe. Alamu, amene kwawo ndi ku Dedza, anangoti ayi, ndipo ndikugwirizana nawo. Ng'oma zimenezo zili ndi eni ake ndi nthawi yake, zimalira pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu. Si zokometsera nthabwala za chenji.

Loweruka, 29 Novembala

Lero tinajambula gulu. Ndinaitana anthu 11 a pafupi: ana anayi, amayi atatu a pamzere wathu wa nyumba, anyamata awiri, mlongo wanga, ndi agogo aamuna a kuseri kwathu amene mawu awo ndi okhuthala ngati babatoni yomwe. Makolo a anawo ndinawafotokozera kaye kuti mawuwo adzamveka pa intaneti, ndipo anavomera. M'chipinda simukanakwana anthu onsewo, komanso ndinkafuna kuti pamveke kuti ndi pabwalo, ndiye tinaika maiki pampando pakhonde, anthu n'kuima mozungulira ngati mwezi wokhala kumene, mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pamaiki.

Titangoyesa kawiri mvula inayamba, yoyamba yeniyeni chaka chino. Pa malata sipamvekanso kanthu. Tinakhala mphindi 40 titapanikizana pakhonde, fungo la dothi lonyowa likulowa, achimwene ndi alamu akukangana ngati kuli bwino kubzala ndi mvula yoyamba kapena kudikira yachiwiri. Ndinasiya maiki ikujambula, ndipo mwina pamenepo patuluka gawo lachinayi.

Itakata tinajambula maulendo asanu ndi anayi. Oyambawo anthu ankafuula ngati ana a sukulu akulonjera aphunzitsi, mofanana kwambiri, mopanda moyo. Ndinawapempha achimwene kuti asawachenjeze, azingocheza nawo kenaka aponye "Padangokhala" mwadzidzidzi. Ulendo wachisanu ndi chiwiri ndiwo ndasankha. Kamtsikana kena kanachedwa pang'ono, "tonse" wake akumveka payekha kumapeto, agogo aja ali pansi penipeni, mayi wina akuyankha uku akuseka, ndipo kumbuyo madontho akugwa kuchokera kudenga. Mlongo wanga anati ndidule kamtsikanako kuti zikhale zaudongo. Sindidula. Munthu womvera ali yekha ndi mahedifoni akamva kuti wina wachedwa, amadziwa kuti malo alipo oti nayenso alowe.

Lachiwiri, 2 Disembala

Masiku atatu ndili pa kampata kamodzi, ka pakati pa "Padangokhala" ndi "Tili tonse". Pa Audacity ndi kamzere kosalala kosakwana chala, koma chiyambi chonse chatsamira pamenepo.

Gulu likayankha nthawi yomweyo, womvera amangokhala woonerera, anzake amuyankhira kale. Kampata kakatalika mpaka sekondi imodzi ndi theka, amaganiza kuti foni yaima kapena bandulo yatha. Ndinakonza mitundu inayi, ya masekondi 0.4, 0.8, 1.2 ndi 1.5, n'kumayatsira aliyense wolowa m'nyumba popanda kumuuza chomwe ndikufuna, ine maso ali pamilomo yake. Pa 0.4 palibe anagwedeza mlomo. Pa 0.8 milomo imayamba kutseguka ndipo gulu limamupeza munthu ali pa "ti". Pamenepo m'pomwe ndikufuna, womvera ayambe yekha, gulu limulandire. Ndasiya pa 0.8, ndipo m'kampatako simuli chete weniweni, muli kamphepo ka pakhonde ndi madontho aja, kuti khutu lidziwe kuti anthu alipo, akukoka mpweya.

Babatoni inandivutitsa mwa njira ina. M'mahedifoni imagunda mpaka pachifuwa. Nditaiyatsa pa sipika ya foni inasowa, kunangotsala kakhwekhwe. Sipika yaing'ono ngati imeneyo situlutsa mawu apansi, ndipo anthu athu ambiri adzamvera pa sipika ya foni, ali kukhitchini kapena pa siteji ya kabaza. Ndinamuitananso mnyamata wa babatoni uja dzulo. Ulendo uno maiki ndinaiyika pafupi ndi pomwe kamtengo kamamenya waya, osati kung'oma, kuti igwire kulira kwa waya ndi kutsetsereka kwa botolo. Ndinakwezanso pang'ono mawu apakati, a pakati pa 700 ndi 1,500 Hz, ndipo mlongo wanga anawonjezera chisekese chogwira nthawi. Tsopano ngakhale besi itasowa, khutu limaimvabe kudzera m'kulira kwa wayayo.

Zotsalazo zinayenda msanga. Pa mawu a anthu ndadula kulira konse kwapansi kwambiri, kosafika 80 Hz. Pamene alamu akutchula dzina, Auto Duck ya mu Audacity imatsitsa babatoni yokha n'kuikwezanso akamaliza, bola mzere wa mawu ukhale pansi pa mzere wa nyimbo, apo ayi siigwira. "Pa" wa "Padangokhala" anadutsa bwino pa kansalu ka achimwene. Mphamvu ya mawu ndaiyika pa -16 LUFS, womwe ndi muyeso wa kukwera kwa mawu, ndipo pokwera kwambiri pasapitirire -1 dB, monga momwe Apple Podcasts imalangizira, ndipo chiyambi ndi gawo lenilenilo ziyenera kufanana mphamvu kuti munthu asamakweze ndi kutsitsa foni.

Fayilo yomaliza ikhala MP3 ya mono, kutanthauza mawu amodzimodzi kumakutu onse awiri, pa 64 kbps, muyeso wa kulemera kwa sekondi iliyonse ya mawu. Gawo la mphindi 30 limalemera pafupifupi 14 MB, pomwe pa 128 kbps likanafika pafupifupi 29 MB. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi kusiyana kumeneku ndi kwakukulu, ndipo mawu a anthu olankhula sawonongeka kwenikweni.

Chiyambi chonse, kuchokera pa kumenya koyamba kwa babatoni mpaka "tili tonse" wachiwiri, chakwana masekondi 14. Wofuna kulumpha akadina kamodzi apeza kuti walumpha ndi chiganizo cha sabatayo chomwe.

Loweruka, 6 Disembala

Ndinapita nacho kometera tsitsi kwa mnzanga, komwe Loweruka m'mawa kumakhala anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa pabenchi. Ndinamupempha kuti achiyatse pa sipika yake pakati pa nyimbo, osalengeza kanthu. Ine ndinakhala pakona.

Babatoni italira anthu awiri anadzutsa mitu. Achimwene atati "Padangokhala", bambo wina amene anali pampando, nsalu ili m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi, anayankha chapansipansi kuti "tili tonse", kenaka anadziyang'ana pagalasi n'kumwetulira ngati wagwidwa. Mnyamata wa pabenchi anayankha mokweza pa ulendo wachiwiri. Chiganizo cha kondakitala chitatha anaseka anthu anayi, ndipo wometayo anazimitsa makina ake kuti amve zotsatira. Anamvera mphindi zisanu ndi chimodzi asanayatsenso.

Koma sizinakhale bwino zonse. Nditawafunsa dzina la pulogalamuyo, palibe ndi mmodzi yemwe analigwira. Alamu amalitchula mothamanga, ndipo limabwera anthu akadali m'chisangalalo cha kuyankha kwawo. Tilijambulanso, alitchule modekha, ndipo ndisuntha babatoni kuti isalire konse pa mawu amenewo. Mwina ziwonjezera theka la sekondi, ndiye ndichotsa kumenya kumodzi koyambirira kuti tisapitirire 14. Bambo wa pampando uja ananenanso kuti "tili tonse" wachiwiri akumveka chimodzimodzi ndi woyamba. Akunena zoona, ndinangokopera yemweyo. Ndiika wa ulendo wachisanu ndi chinayi, momwe anthu anali atatopa ndipo akuyankha mokoka.

Msuweni wina amene ali ku Johannesburg ndinamutumiziranso usiku wathawu. Wabweza uthenga wa mawu wa masekondi atatu, akunong'ona chifukwa anali kuntchito, wongoti "tili tonse, achimwene".

Zotsala sabata ikubwerayi: Lachiwiri 9 koloko usiku kujambulanso dzina ndi ziganizo zotsegulira magawo onse atatu, poti lililonse likufunika chake. Lachitatu kumupatsa woyimba babatoni kope yake ya pepala lomwe tinasainirana ndi kumumveretsa zomwe zatuluka. Ndipo tiyambe kuganiza za potsekera. Achimwene akufuna titseke monga amatsekera nthano kwathu, iwo ati "Kaphuleni mbatata!" gulu liti "Yapserera!" Alamu akuti kwawo samatero ndipo anthu a m'tauni ena sadzadziwa choyankha. Ndiwaimbira amayi mawa tikaweruka kutchalitchi, ndipo ngati tigwirizana, ndiyenera kuitananso anthu 11 aja tsiku lopanda mvula.